Kukonza ndi kukulitsa kanyumba kakale ku Bez Valley kuti kalumikizane ndi bwalo la kuseri

NaBanda, Bez Valley

Moni kwa inu nonse akuluakulu. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa amene munamangapo kapena kukonzetsapo nyumba kuno ku Johannesburg. Ine ndi abambo akunyumba tinagula kanyumba kakale ku Bezuidenhout Valley (Bez Valley mwachidule), ka zipinda ziwiri zogona, pabalaza, khitchini ndi bafa. Mapepala ake akusonyeza kuti kanamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo maonekedwe ake akuvomereza zimenezi, chifukwa denga ndi la malata, siling'i ndi yachitsulo yokhala ndi maluwa odinda, pansi m'zipinda ndi pa matabwa, ndipo kutsogolo kuli kakhonde kofiira koyang'ana kumsewu. Poloti yake ndi yopapatiza koma yaitali, masikweya mita 495, monga zilili zambiri m'madera akale a mzinda uno.

Chimene chikutivuta n'chakuti nyumbayi inafulatira bwalo lake. Kuseri, komwe ndi kumpoto, kuli malo abwino kumene dzuwa limawala tsiku lonse, ndipo kuli mtengo wa mapeyala ndi wa mapichesi, koma munthu akakhala m'nyumba saona chilichonse mwa zimenezi. Khitchini ndi kachipinda kamdima ka zenera limodzi laling'ono, chitseko chake chimatulukira m'mbali mwa nyumba, ndipo bafa inachita kuphatikidwa kuseriko m'zaka za pambuyo pake, ndi denga la mapepala otuwa ooneka ngati simenti. Kakhonde kakutsogolo kali kumwera, m'nyengo yozizira dzuwa silifikapo, choncho palibe amene amakhalapo.

Ife tinakulira kumudzi kumene kuphika, kudya, kuchapa ndi kulandira alendo kumachitikira panja, ndipo zimandipweteka kuona ana athu akungobindikira pabalaza pamene bwalo lili pomwepa. Maganizo athu ndi oti tigumule khoma la kuseri la khitchini, tionjezere chipindacho ndi mamita atatu kapena anayi, tiike zitseko zagalasi zopindika kuchokera pangodya ina kufika pangodya inzake, kenaka timange khonde lalikulu lofolera bwino loti alendo a kumpingo azikhalapo Lamlungu. Ndikufunsa ngati khoma lotere lingagumulidwe popanda kuononga nyumba yonse, ngati ntchito ya kuseri kwa nyumba imafunanso chilolezo, komanso kuti tiyambire pati popeza ndalama sizingapezeke zonse nthawi imodzi.

Mmisiri wa ku Malvern

Mayi, ndagwirapo ntchito pa nyumba zambiri za mtundu umenewu ku Kensington, Troyeville ndi Malvern, ndipo ndikupemphani kuti musalole munthu aliyense kuyamba ndi nyundo. Khoma la kuseri la nyumba zimenezi kawirikawiri limanyamula denga, ndipo mukalichotsa, katunduyo ayenera kugona pa mtanda wachitsulo kapena wakonkire, umene nawo umakankhira kulemera konse pa nsanamira ziwiri za m'mbali. Maziko akale anakumbidwa kuti anyamule kulemera kogawanika pakhoma lonse, osati kounjikana pa malo awiri, n'chifukwa chake pamafunika injiniya kuti aone maziko ndi kunena kukula kwa mtanda. Njerwa za nthawi imeneyo zambiri ndi zofewa ndipo anamangira matope a laimu, kotero kuti mukagumula mosasamala, ming'alu imathamanga mpaka m'zipinda zimene simunazikhudze.

Njira imene ine ndimaikonda pa nyumba yaing'ono ndi yoyamba ndi zenera limene lilipo kale. Pamwamba pake pali kale chonyamula khoma, ndiye mukatsitsa zeneralo mpaka pansi limasanduka khomo popanda kusokoneza denga, ndipo mukalikulitsa pang'ono ndi mtanda watsopano mumapeza khomo la zitseko ziwiri. Anthu ambiri amadabwa kuona mmene khomo la mamita awiri okha, loikidwa pamalo oyenera moyang'anizana ndi mtengo, limasinthira chipinda chonse.

Chinthu chachiwiri, chimene anthu amachiiwala chifukwa sichioneka, ndi madzi ndi mpweya wa pansi pa nyumba. Matabwa a m'zipinda zanu sanagone padothi ayi. Pansi pawo pali mphako, ndipo mukazungulira nyumbayo kunja mupeza m'munsi mwa khoma muli njerwa zoboolaboola zimene zimalowetsa mpweya kuti mphakoyo iziuma. Munthu akathira konkire ya chipinda chatsopano kapena ya khonde n'kutseka njerwa zimenezi, chinyontho chimakhazikika, mitanda ya pansi imayamba kuola, ndipo pakapita zaka zochepa mumamva matabwa akunyenyeka mukaponda pafupi ndi khoma. Ndinalowapo m'nyumba ina kumene mwini wake anakweza khonde kuti lifanane ndi pansi pa m'nyumba, ndipo titazula thabwa limodzi tinapeza mtanda wofewa moti chala chinkalowa, ndi fungo la nkhungu lodzaza chipinda. Ngati mukumanga mophimba njerwazo, mmisiri aike mapaipi odutsa pansi pa konkire kuti mpweya uzifikabe.

Ndikudziwa kuti aliyense amafuna kuti pansi pa m'nyumba ndi pakhonde pakhale pofanana kuti munthu azingotuluka osatsika sitepe. Koma mvula ya kuno imagwa ndi mphamvu m'kanthawi kochepa, nthawi zambiri masana kapena chakumadzulo, ndipo madera a Bez Valley ndi Kensington ali m'mbali mwa zitunda kumene madzi amathamanga. Malamulo a kamangidwe amafuna kuti dothi kapena simenti ya panja ikhale mamilimita 150 kunsi kwa chotchinga chinyontho cha m'khoma, chimene amisiri timati DPC. Ngati mukufunadi kuti pakhale pofanana, pakhomopo paikidwe ngalande yokhala ndi chivindikiro chachitsulo, ndipo khonde lipendekere kubwalo, osati kunyumba.

Funsani wa mapaipi aone kumene paipi ya zonyansa ikudutsa musanajambule chilichonse. M'madera akalewa zimbudzi zinali kumapeto kwa poloti, pafupi ndi kanjira kakuseri kamene ankadutsamo otola ndowa usiku, ndipo mapaipi atabwera, ambiri anayalidwa kuseri kwa khitchini, pamalo pomwe inu mukufuna kumangapo. Mapaipi akalewo ndi adothi lootcha ndipo amasweka msanga akalemedwa.

Za denga lotuwa la bafalo, chonde musaliboole, musalidule, musalikolope ndi bulashi yawaya. N'kutheka kwambiri kuti ndi la asibesitosi, amene dziko lino la South Africa linaletsa mu 2008 chifukwa fumbi lake limaononga mapapo. Malamulo a 2020 amafuna kuti ntchito yochotsa denga lotere, kupatula yaing'ono kwambiri, igwiridwe ndi kontalakitala wolembetsedwa kuboma. Ana anu asakhale pafupi tsiku limenelo.

Wojambula mapulani, Turffontein

Mayi NaBanda, zimene anena akuluwa ndi zoona zonse, ine ndingoonjezera za mapepala ndi za dzuwa. Yankho la funso lanu la chilolezo ndi lakuti inde, ndipo zilolezo zake ndi ziwiri. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999, pa ndime 34, limaletsa kusintha kapena kugwetsa nyumba kapena gawo la nyumba imene yaposa zaka 60 popanda chilolezo cha bungwe loona za zinthu zakale m'chigawo, limene kuno ku Gauteng ndi PHRAG. Lamuloli silisankha kuti nyumbayo ndi yokongola kapena ayi, kapena kuti ntchitoyo ili kuseri kumene anthu a mumsewu saona. Nyumba ya m'ma 1930 ili m'gulu limeneli mosakayikitsa. Musachite mantha ndi zimenezi, chifukwa pa nyumba wamba chimene amayang'ana kwambiri ndi nkhope ya nyumba yoyang'ana kumsewu, maonekedwe a denga ndi zinthu zakale monga siling'i ndi matabwa anuwo, ndipo kukulitsa kuseri mwaulemu kawirikawiri kumaloledwa. Koma zimatenga nthawi, choncho muyambe msanga.

Chachiwiri ndi pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda, molingana ndi lamulo la National Building Regulations and Building Standards Act la 1977. Pulaniyo iyenera kujambulidwa ndi munthu wolembetsedwa ku SACAP, bungwe loyang'anira ojambula mapulani a nyumba, ndipo muli ndi ufulu womufunsa nambala yake musanamupatse ndalama. Iye adzayamba wapempha mapulani akale a nyumbayo kukhonsolo, ndipo apa n'pamene pamatulukira ngati bafa yophatikidwayo inavomerezedwa kapena inangomangidwa. Ngati sinavomerezedwe, iyenera kulowa nawo m'pulani yatsopano. Adzaonanso Land Use Scheme ya mzinda wa Johannesburg ya 2018, imene imanena gawo la poloti limene mungamangepo ndi mtunda umene muyenera kusiya kuchokera kumalire, komanso adzawerenga chikalata cha umwini wa malo, chifukwa zikalata zakale zina zili ndi zoletsa zawozawo. Khonde lofolera limawerengedwa m'gawo lomangidwa, ndipo anthu ambiri sadziwa zimenezi.

Ndimamva chisoni ndikaona abale athu ochokera kumudzi akumanga popanda mapepala poganiza kuti akupulumutsa ndalama. Vuto limadzabwera tsiku logulitsa nyumba, kapena tsiku limene denga lasasuka ndi mphepo ndipo a inshuwalansi akufunsa pulani. Ife amene tinabwera kuchokera kunja tili ndi chifukwa chokwanira choti mapepala athu onse azikhala oongoka.

Tsopano za dzuwa, zimene ndi mwayi waukulu umene nyumba yanu ili nawo. Johannesburg ili pa madigiri pafupifupi 26 kumwera kwa mzere wodula dziko pakati (equator), choncho dzuwa limadutsa chakumpoto. Mu December masana limakhala pafupifupi paliwombo penipeni, madigiri 87, pamene mu June limangokwera madigiri 40. Izi zikutanthauza kuti khoma loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa lolowa mpaka m'kati mwa chipinda m'nyengo yozizira, pamene m'miyezi yotentha kadenga kotulukira kunja pang'ono kamakwanira kulitchinga. Nyumba yoyang'ana kumadzulo ilibe mwayi umenewu, chifukwa dzuwa la chakumadzulo limalowa chopendekera ndipo limaotcha chipinda.

Apa ndi pamene maganizo anu a khonde lalikulu akufunika kuunikidwanso. Tiyerekeze kuti denga la khonde lili mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, ndipo likutulukira kunja mamita atatu. Pa madigiri 40, dzuwa la masana mu June lidzangofika patsinde pa khoma, ndipo m'khitchini simudzalowa kuwala kwa dzuwa ngakhale pang'ono. Mudzakhala mutalipira ndalama zambiri kuti mubwezeretse mdima ndi kuzizira komwe mukuthawa. Chimene ndingalangize n'chakuti gawo lofolera ndi malata likhale chakumbali, kumene bafa ili kale, ndipo kutsogolo kwa zitseko kukhale kadenga kafupi kapena mitanda yokha yopanda malata.

Za magalasi, malamulo a kamangidwe a SANS 10400 gawo XA amaika malire pa kuchuluka kwa magalasi poyerekeza ndi kukula kwa nyumba, ndipo mukapitirira pamafunika kuwerengera kwapadera kapena magalasi odula. Gawo N limafuna kuti magalasi a m'zitseko ndi otsika kufupi ndi pansi akhale osavulaza akasweka, ndipo amenewa amakhala ndi kachizindikiro pangodya. M'nyumba ya ana musanyengerere pa chimenechi.

Nangozo, Rosettenville

Achemwali, ine sindine mmisiri, koma tinakulitsa khitchini yathu m'njira yofanana ndi imene mukufuna, ndipo ndinagwiranso ntchito zaka zambiri m'nyumba ina ya kumpoto kwa mzinda imene inali ndi zitseko zopindika zomwe mukunenazo. Ndikufuna kukuuzani mosabisa kuti zitseko zimenezo sindizikhulupirira pa nyumba ngati zathuzi. M'nyumba imeneyo zinkatsegulidwa zonse pa masiku a phwando okha. Masiku ena onse tinkatulukira pa kachitseko kamodzi ka kumapeto, ndipo ine ndinkakhalira kuchotsa fumbi ndi timiyala m'kanjira kamene mawilo ake amayendamo, chifukwa mu August mphepo ya fumbi ikayamba, zitsekozo zinkalimba. Usiku wa mu June munthu ukaima pafupi ndi galasi lalikulu chotero umamva kuzizira kukutsika ngati waima pa Dedza m'mamawa. Tisaiwale kuti mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, madzi osiyidwa panja amatha kuundana usiku, ndipo mu July 2023 tonse tinaona chipale chofewa chikugwa.

Palinso nkhani ya chitetezo imene sitingaizembe. Khoma lonse likakhala lagalasi, mudzafuna geti yachitsulo yotalika chimodzimodzi, ndipo mtengo wake ukhoza kuyandikira wa zitsekozo. Mukatero mudzakhala mukuonera bwalo lanu kudzera m'zitsulo. Ife tinaika zitseko ziwiri zamatabwa zokhala ndi magalasi, ndi geti yokankhira m'mbali imene masana imabisala kuseri kwa khoma, ndipo pambali pake tinaika zenera lalitali pamwamba pa sinki. Ndikamatsuka mbale ndimaona ana, ndimaona zovala pachingwe, ndimaonanso mitambo ikamada chakumwera n'kuthamanga kukaanula.

Chimene chinapangitsa kuti tiyambe kukhala panja si kukula kwa khomo, koma zinthu zimene tinaika panjapo. Tinaika mpope ndi sinki yakonkire, kashelefu kakonkire kophikirapo, soketi imodzi yotetezedwa ku mvula, nyale, ndi benchi yanjerwa motsatira khoma. Nsima ya anthu ambiri, nyemba, utaka ndi usipa zonse zimaphikidwa pamenepo, ndipo fungo silimatirira m'makatani. Chenjezo langa ndi la mbaula. Khonde likafoleredwa n'kutsekedwa mbali zitatu, anthu amayamba kulitenga ngati chipinda, ndipo kukazizira amatseka ndi mbali yotsalayo n'kuothera makala. Utsi wa makala umene suoneka umapha anthu m'mzinda uno chaka ndi chaka m'nyengo yozizira. Malo ophikira akhale ndi mbali ziwiri zotseguka nthawi zonse.

Ndikugwirizana ndi ajambuli pa za mitanda yopanda malata. Ife tinabzala mpesa n'kuuyanzitsa pa mitandayo. Kukatentha masamba ake amapereka mthunzi wozizira bwino, ndipo ikafika May amayoyoka okha, dzuwa n'kulowa mpaka patebulo la m'khitchini. Mapepala apulasitiki oonekera aja musathamangire otchipa, chifukwa matalala a kuno si masewera. Amene anagwa mu November 2023 anaswa magalasi a magalimoto ndi madenga m'madera ambiri a mzinda, ndipo pulasitiki imene yapsa ndi dzuwa zaka zingapo imabooka ngati sefa.

Mukamafolera, ganiziraninso za thanki. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga imapereka lita imodzi ya madzi, ndipo kuno mvula imagwa pafupifupi mamilimita 700 pachaka, yambiri kuyambira October mpaka March. Ngakhale mbali imodzi yokha ya denga imadzaza thanki mobwerezabwereza m'dzinja, ndipo mpiru, repu ndi nkhwani zimapeza madzi osadalira mpope.

NaBanda, Bez Valley

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Takambirana ndi abambo akunyumba, ndipo nkhani ya khonde lotchinga dzuwa la June yatifika pamtima, chifukwa tinali titatsimikiza zofolera kuseri konse. Tapeza njerwa zoboola zija, zitatu zili pakhoma lomwe tikufuna kumangapo. Tiyamba ndi kufunafuna wojambula mapulani, ndipo tikuganiza zoti pulaniyo ikhale ya ntchito yonse, koma timange m'magawo, kuyambira ndi khomo ndi malo okhala panja. Chatsala ndi mtengo wa mapeyala, umene uli mamita anayi kuchokera pakhoma la khitchini. Tikakulitsa ndi mamita atatu, maziko adzafika pafupi ndi tsinde lake. Abambo akuti tiudule, ine mtima wanga ukukana. Kodi pali njira yoti chipinda ndi mtengo zikhalire limodzi?

Wosamalira maluwa, Orange Grove

Mayi, ntchito yanga ndi ya m'minda ya maluwa, ndipo mitengo ya mapeyala ndimaidziwa bwino. Mizu yake yodyera imayenda pamwamba, m'dothi losapitirira theka la mita, ndipo imafalikira mpaka kumene nthambi zalekezera. Mukakumba ngalande ya maziko mita imodzi kuchokera patsinde, mudzadula mizu ya mbali yonseyo, ndipo mtengo wotere umayamba kuuma nthambi pang'onopang'ono kapena umapendekeka mphepo ikaomba dothi litanyowa. Umadananso ndi madzi oima ndiponso dothi lopondedwa, choncho amisiri asaunjike njerwa ndi mchenga pansi pake, ndipo asatsukirepo wilibala yasimenti.

Musanakangane za kudula, muuyang'ane kaye ngati uli wamoyo bwino. Kuno kuli kachirombo kakang'ono koboola mitengo kamene kafalikira m'mzinda muno kuyambira cha m'ma 2018, kamene kaononga mitengo yambiri ya m'misewu ndi m'mayadi, ndipo mapeyala ali m'gulu la mitengo imene kamagwira. Muone pakhungwa ngati pali timabowo tating'ono ngati nsonga ya bolopeni, tozunguliridwa ndi ufa woyera wooneka ngati shuga, kapena madontho onyowa. Ngati zimenezi zilipo zambiri, muitane wodziwa za mitengo, ndipo nkhuni zake musapatse anansi chifukwa kachiromboko kamayenda ndi nkhuni.

Ngati mtengowo uli bwino, ine ndingati chipinda chitalike mamita awiri okha kumbali ya mtengo, ndipo malo otsalawo muwapeze m'lifupi, chakumene kuli bafa. Pansi pa mtengo musathirepo konkire. Muyale njerwa pamchenga popanda simenti, kapena mumange thandala lamatabwa loima pa timiyendo, kuti mvula ndi mpweya zizifika kumizu. Dziwaninso kuti peyala silitaya masamba onse m'nyengo yozizira monga umachitira pichesi, choncho mthunzi wake wa June udzagwera chakunyumba. Muime pakhoma la khitchini masana, muone pamene mthunziwo ukulekezera, mujambule chithunzi, ndipo mukachipereke kwa wojambula mapulani kuti khomo aliike kumbali imene dzuwa likudutsa. Nthambi za m'munsi zikhoza kuphatulidwa pang'ono chakumapeto kwa nyengo yozizira, koma musadule zambiri nthawi imodzi, chifukwa khungwa la peyala limapsa ndi dzuwa likavundukulidwa mwadzidzidzi.